Nyama ya ng'ombe ndi pasita pa mphindi 30: chimalakwika n'chiyani?

Funso

Ndimaweruka kuntchito mochedwa, ndipo ndikamafika pakhomo ana anga atatu amakhala akuyasamula ndi njala. Kawirikawiri ndimathamangira nyama ya ng'ombe yogaya ndi pasita poti akuti sizichedwa kupsa. Koma kunena zoona, chimene chimatuluka m'potomo sichindisangalatsa. Nyama imatuwa ngati yowiritsa, msuzi umangokhala madzi pansi pa mbale, pasita amamatana, ndipo ndikamapakula ndimapeza kuti ola lathunthu latha. Kodi pali njira yophikira chakudyachi mwachangu koma n'kukoma? Nanga ndingaphike chambiri kuti chitithandize masiku ena a sabata?

Mayi wa ana atatu

Yankho

Mayi, mwa madandaulo anu anayiwo, atatu gwero lake ndi madzi. Nyama ikutuwa chifukwa ikupsera m'madzi ake omwe. Msuzi ukuyenderera chifukwa madzi a tomato sanaphwere. Pasita akumatana chifukwa simunamutakase atangolowa m'madzi, kapena munamusiya pa sefa akudikira msuzi. Dandaulo la nthawi lokha ndilo lili ndi gwero lina, lomwe ndi kusanja ntchito. Ndiyamba ndi nyama, chifukwa ndi pamene pagona kukoma konse, ndipo ndi pamene anthu ambiri amaphonya, ngakhale amene amaphika bwino zinthu zina.

Nyama yaiwisi, kulemera kwake koposa theka ndi madzi. Mukaikhuthulira yonse m'poto wopapatiza amene sanatenthe bwino, n'kuyamba kuivundula ndi mthiko nthawi yomweyo, poto amazizira, nyama imatulutsa madzi aja, ndipo posakhalitsa imakhala ikubwata. Madzi owira sapitirira madigiri 100, ngakhale mutakweza moto chotani. Koma kufiira kwa nyama, kuja kumabweretsa fungo lotulutsa ana kuchipinda asanaitanidwe, kumachitika msanga pamene pamwamba pa nyamayo pafika madigiri pafupifupi 140 kupita m'tsogolo. Pa kutentha kumeneko mapuloteni ndi shuga wochepa amene ali m'nyamamo amaphatikizana n'kubala mafungo ambirimbiri amene nyama yowiritsa ilibe. Wasayansi wa ku France, Louis-Camille Maillard, ndiye anafotokoza zimenezi m'chaka cha 1912, ndipo mpaka lero ophika amazitchula ndi dzina lake. Kwa ife a m'khitchini tanthauzo lake n'lapafupi: madzi akadalipo m'chiwaya, nyama singafiire.

Choncho sakani chiwaya chotakata kwambiri chimene muli nacho, makamaka cha pansi pochindikala, poti chimasunga kutentha. Chitenthetseni chopanda kanthu mphindi ziwiri pa moto waukulu, kenako thiranimo supuni imodzi yaikulu ya mafuta. Nyama ya magalamu 500 muiike monga momwe ilili, muiphwatalalitse ndi mthiko kuti ikhudze pansi ponse, muwaze mchere pamwamba, basi muisiye. Mphindi zitatu kapena zinayi osaikhudza n'komwe. Apa ndi pamene pamavuta, chifukwa dzanja limayabwa kufuna kutakasa. Lipatseni ntchito ina dzanjalo: sendani anyezi. Mukadzanyamula m'mphepete n'kuona kuti kunsi kwafiira bii pang'ono ngati khungu la buledi, tembenuzani zibenthu zikuluzikulu, dikirani mphindi imodzi, ndipo kenako ndi pamene muphwanyephwanye. Simufunika kufiiritsa kachidutswa kalikonse. Mbali imodzi yofiira bwino imakwanira kukometsa poto yense, ndipo nyama yotsalayo imakhala yofewa.

Khutu limathandiza kuposa maso. Nyama imene ikukazingika imalira mokweza, mothetheka. Ikayamba kumveka bwatabwata ndipo nthunzi ikutuluka yambiri, dziwani kuti madzi agonjetsa moto. Zikatero musataye mtima kapena kutaya madziwo, chifukwa ndi msuzi wa nyama womwewo. Siyani moto uli waukulu, musavindikire, madzi aphwere mpaka kuthetheka kubwerere, ndiye nyama ifiire m'mafuta ake. Mwataya mphindi zisanu zokha. Ngati chiwaya chanu n'chaching'ono, kazingani kawiri, theka theka. Zimaoneka ngati kuchedwa koma zimafulumira kusiyana ndi kudikira dziwe la madzi kuti liphwe.

Zina ziwiri zokhudza nyamayi. Nyama yogaya siitsukidwa. Kutsuka sikuchotsa tizilombo, kumangotimwaza pa sinki ndi pa ziwiya, komanso kumaonjezera madzi amene tikulimbana nawo aja. Ndipo pogula musathawe mafuta. Nyama ya mafuta pakati pa 15 ndi 20 pa 100 alionse ndi imene imakoma m'chakudya chophika mwachangu. Ya mnofu wokhawokha imauma n'kukhala ngati timiyala ta mchenga m'kamwa. Mafuta akachuluka mutakazinga, tapaniko ndi supuni, musiye okwana masupuni awiri okazingira anyezi. Ophika ena amasakaniza kotala ya supuni yaing'ono ya soda wophikira, wosungunula m'madzi pang'ono, ku nyama ya theka la kilogalamu, n'kuisiya mphindi 15 asanakazinge. Soda amathandiza nyama kusunga madzi ake m'kati ndi kufiira msanga. Zimathekadi, koma mukapyoza muyezo nyama imamveka ngati sopo, ndipo pa tsiku lotopa ine sindivutika nazo.

Mwina munazolowera kuyamba ndi anyezi, nyama pambuyo. Pa chakudya chachangu ndikukulangizani kutembenuza. Anyezi nayenso ndi madzi, ndipo akakhala pansi pa nyama amaitchinga kuti isakhudze chitsulo. Akabwera pambuyo, madzi akewo amagwira ntchito yabwino: amasungunula tinkhoko tofiira timene nyama yasiya pansi pa chiwaya. Tinkhoko timeneto musatione ngati kupserera. Ndi pamene pali kukoma kochuluka kuposa china chilichonse mutathire, ndipo tiyenera kupalidwa ndi mthiko kuti tilowe mumsuzi. Takuda tsiriri ndi towawa, koma tofiira ndi chuma.

Kankhirani nyama m'mbali, chepetsani moto pang'ono, ikani anyezi mmodzi wamkulu pakati. Ngati mukufuna kupulumutsa nthawi, mupaleni pa chopalira cha timabowo m'malo momuduladula, ndipo karoti mmodzi mumuchite chimodzimodzi. Zopalidwa zimafewa pa mphindi zitatu, pomwe zoduladula zimafuna zisanu ndi zitatu, komanso zimasungunukira mumsuzi moti mwana wodana ndi masamba sazipeza kuti azitole. Karoti amabweretsa kutsekemera kumene kumaphimba kuwawasa kwa tomato, ndiye simufunikanso shuga. Adyo, timbewu titatu kapena tinayi, alowe pomalizira ndipo akhale theka la mphindi basi. Adyo akapserera amawawitsa poto yense ndipo palibe mankhwala ake.

Tsopano pakubwera chinthu chimene ndimachiona ngati chinsinsi cha msuzi wa pakati pa sabata: tomato wokhuthala uja wa m'tizitini kapena m'timachubu, amene pa chizindikiro amalemba kuti tomato paste. Ambiri amamuthira m'madzi, ndipo msuzi umamveka chitini. Muikeni masupuni awiri aakulu m'mafuta, mumukazinge mphindi imodzi kapena ziwiri mpaka mtundu wake usinthe kuchoka pa kufiira kowala kufika pa kufiira kwa njerwa yootcha. Tomato ameneyu ndi wophwera kale, moti amakupatsani pa mphindi ziwiri kukoma kumene tomato wamba akanakupatsani atakhala pa moto ola. Akatero thiranimo chitini chimodzi cha tomato wodula, cha magalamu 400. Ngati mukugwiritsa ntchito tomato wosaikidwa m'chitini, tengani asanu kapena asanu ndi mmodzi akupsa bwino, muwapale pa chopalira chomwe chija, khungu litsale m'manja. Ameneyu ali ndi madzi ambiri, ndiye muonjezere mphindi zisanu za kuphwera.

Ndipo musavindikire. Apa ndi pamene pali yankho la msuzi wanu wa madzimadzi. Chivindikiro chimabwezera nthunzi m'poto, madzi sachoka. Msuzi ubwate pang'onopang'ono m'chiwaya chotsekula kwa mphindi 10 mpaka 15. Mudziwa kuti wafikapo mukakoka mthiko pansi pa chiwaya n'kuona kanjira kakutsala kamphindi kasanatsekeke, ndipo timafuta tofiira tayamba kuoneka m'mphepete.

Ngati muli ndi soy sauce, msuzi wakuda wamchere wa m'botolo wopangidwa ndi soya, supuni imodzi yaikulu imasintha zinthu modabwitsa, ndipo palibe amene angazindikire kuti alimo. Chifukwa chake ndi glutamate, chinthu chimene chimapereka kukoma kwakuya konga kwa msuzi wa nyama. Wasayansi wa ku Japan, Kikunae Ikeda, anazindikira mu 1908 kuti chinthuchi ndicho gwero la kukomako, ndipo anakutcha umami. Chimapezeka mwachilengedwe mu tomato wakupsa, m'bowa ndi mu tchizi chokhalitsa monga Parmesan. Kachidutswa ka zokometsera msuzi kogula kale kamagwira ntchito yomweyo, koma kali ndi mchere wambiri, ndiye mukakaika muchepetse mchere winawo. Za zonunkhiritsa sindikuuzani zambiri. Supuni yaing'ono ya masamba onunkhira ouma otchedwa oregano ndi tsabola wakuda wopera zimakwana. Tsabola wowawa aliyense adziikire m'mbale mwake, chifukwa pali ana.

Ndipatuke pang'ono. Anthu ambiri amatcha chakudyachi bolognese, potengera mzinda wa Bologna ku Italy. Koma msuzi weniweni wa kumeneko, umene eni ake amautcha ragù, ndi chinthu china. Tomato amakhala wochepa, mumalowa vinyo ndi mkaka, umakhala pa moto wochepa maola awiri kapena kuposa, ndipo amaudyera tagliatelle, pasita wophwatalala wopangidwa ndi mazira, osati supageti. Amaulemekeza kwambiri moti mu 1982 bungwe la Accademia Italiana della Cucina linakalembetsa kaphikidwe kake ku ofesi yoona zamalonda ya mzindawo. Ndatchula zimenezi kuti muone chimene tikusowa pophika mwachangu. Pa maola awiri aja, mitsempha ya m'nyama imasungunuka n'kusanduka utomoni wofewa umene umagwirizanitsa msuzi, n'kuupangitsa kumatirira ku pasita. Ife pa mphindi 15 sitingaupeze utomoniwo. Tiyenera kubwereka kwina, ndipo kwinako ndi m'madzi ophikira pasita.

Pasita wouma wabwino amapangidwa ndi tirigu wolimba wotchedwa durum, ndipo ndi bwino kuyang'ana mawu amenewo pa paketi. Tirigu ameneyu ali ndi mapuloteni ambiri amene amagwira sitachi kuti pasita asaphwasuke. Wa ufa wofewa amapsa ketekete msanga ndipo amamatana ngakhale mutasamala. Akamapsa, pasita amatulutsa sitachi m'madzi, n'chifukwa chake madziwo amayera mbuu. Sitachi ameneyu ndi amene amamatitsa pasita mukamusiya payekha, koma ndi yemweyonso amene amamanga msuzi mukamugwiritsa ntchito bwino.

Mabuku ambiri amati lita imodzi ya madzi pa magalamu 100 alionse a pasita. Pa banja lanu zikanatanthauza malita anayi, ndipo kuwiritsa malita anayi ndi kumene kumadya nthawi yanu. Malita awiri ndi theka amakwana pa magalamu 400, bola muzitakasa. Madzi ochepa amawira msanga, ndiponso amakhala ndi sitachi wambiri, chomwe ndi chimene tikufuna. Vindikirani poto kuti madzi awire msanga, ndipo ngati muli ndi ketulo yamagetsi wiritsirani m'menemo n'kukhuthulira m'poto. Mchere ukhale pafupifupi magalamu 10 pa lita, kutanthauza supuni yaikulu imodzi ndi theka pa madzi onsewo. Ukuoneka wambiri, koma wochuluka umatsala m'madzi, ndipo iyi ndi nthawi yokhayo imene mchere ungalowe m'kati mwa pasita. Pasita wophikidwa m'madzi opanda mchere amakhala wosukuluka ngakhale msuzi utakolera bwanji.

Kumatana kumayamba pa mphindi ziwiri zoyambirira, pamene sitachi wa pamwamba wangofufuma kumene ndipo ali ngati ulimbo. Mukatakasa bwino nthawi imeneyo, vuto latha, ndipo pambuyo pake muzingotakasa mwa apo ndi apo. Mafuta m'madzi musathiremo. Amangoyandama pamwamba osakhudza pasita, ndipo potsanula amamupaka, msuzi n'kumaterereka. Kutsuka pasita wakupsa ndi madzi ozizira nakonso ndi kutaya, poti mukuchotsa sitachi yemwe akanagwira msuzi, komanso mukuziziritsa chakudya.

Nachi tsopano chimene chimasiyanitsa mbale ya kunyumba ndi ya kumalo odyera abwino. Yang'anani mphindi zolembedwa pa paketi, muchotsepo ziwiri. Ngati alemba 11, inu mulawe pa 9. Akhale wofewa kunja koma wolimba pang'ono pakati polumidwa, ndipo mukadula muone kadontho koyera m'kati. Anthu a ku Italy amati al dente, kutanthauza kuti dzino limve kanthu, koma ife tikumuphula asanafike n'komwe pamenepo. Musanatsanule, tungani kapu yodzaza ya madzi oyera aja muiike pambali. Ine ndimaika kapuyo m'kati mwa sefa ndisanayambe kuphika, chifukwa ndinaiwalapo kangapo n'kuonerera madzi onse akupita mu sinki. Tsanulani, khuthulirani pasita m'chiwaya cha msuzi nthawi yomweyo, thiranimo theka la kapu ya madzi aja, kwezani moto, ndipo mutakase mosalekeza mphindi ziwiri. Pasita amamaliza kupsa akumwa msuzi m'malo mwa madzi, ndipo sitachi amagwirizanitsa mafuta ndi madzi kukhala chinthu chimodzi chonyezimira chomatirira paliponse. Zikauma onjezerani madzi pang'ono. Zikachuluka madzi pitirizani kutakasa. Mukaphula, ponyanimo supuni ya batala kapena dzanja limodzi la tchizi chopala, mutakasenso, mulawe mchere. Mukachita zimenezi simudzaonanso madzi ofiira pansi pa mbale, chifukwa madzi aja amabweranso pamene pasita wonyowa waikidwa m'mbale payekha n'kuthiridwa msuzi pamwamba, ziwirizo zisanakumanepo pa moto.

Mtundu wa pasita ndi nkhani yaing'ono koma ili ndi phindu. Nyama yogaya imayenda bwino ndi pasita wamfupi wa mabowo kapena wopotana, monga makaroni, penne, rigatoni kapena fusilli, poti tinyama timalowa m'mabowomo. Pa supageti nyama imagwera pansi, mwana n'kumaliza zingwe zokhazokha nyama ili phee m'mbale. Kwa ana aang'ono, wamfupi ndi wosavutanso kudya ndi supuni. Muyezo wake, munthu wamkulu mmodzi amakhuta ndi magalamu 80 mpaka 100 a pasita wouma, choncho magalamu 400 pamodzi ndi nyama ya 500 zimakwanira anthu anayi kapena asanu.

Za ola lanu lija. Ndikukhulupirira kuti mumachita chimodzi chimodzi: kudula zonse, kuphika msuzi, kenako kutereka madzi. Ntchito zimenezi ziyenera kuyenda pamodzi, ndipo imene imatenga nthawi popanda kufuna manja anu iyambe ndiyo. Mukangolowa m'nyumba, musanasinthe n'komwe zovala, terekani madzi ndi kuika chiwaya pa moto. Nyama ilowe, ndipo pa mphindi zinayi zimene mwaletsedwa kuikhudza zija mupale anyezi ndi karoti. Pofika mphindi ya 12 tomato akhala atalowa ndipo madzi akhala akuwira. Dikirani pang'ono kuti msuzi utsogole ndi mphindi zisanu, kenako ponyani pasita. Msuzi ukhoza kudikira pasita, koma pasita sadikira msuzi. Pa mphindi zisanu ndi zinayi zimene pasita akupsa mutsuke chopalira, mpeni ndi thabwa, ana ayale mbale. Pofika mphindi ya 28 mukhala mukusakaniza. Tsiku loyamba mwina zitenga mphindi 40, poti manja sanazolowere, koma kachitatu kokha mudzaona kuti theka la ola likukwana.

Mwina munamvapo za kuphikira zonse m'poto mmodzi. Zimatheka ndipo zili ndi malo ake, makamaka ngati muli ndi mbale imodzi yokha ya chitofu kapena mphamvu zotsuka zatha. Mumachita zonse za nyama ndi msuzi monga ndafotokozera, koma m'poto wakuya. Tomato akalowa mumathiramo madzi otentha pafupifupi mamililita 750, mchere, ndi pasita wamfupi wosaphika wa magalamu 350. Madzi angomiza pasita pang'ono. Vindikirani mosiya mpata, moto ukhale wapakatikati, muzitakasa mphindi ziwiri zilizonse kuti zisagwire pansi, ndipo madzi akaphwa pasita asanapse muonjezere otentha pang'onopang'ono. Zimatenga mphindi 12 mpaka 15, kuposa zolembedwa pa paketi, chifukwa asidi wa tomato amachedwetsa kufewa kwa pasita. Sitachi yense amatsala m'potomo, ndiye msuzi umatuluka wokhuthala kwambiri, umene ana ambiri amaukonda. Maganizo anga ndi akuti njirayi imapulumutsa ziwiya osati nthawi, poti zonse zimayenda motsatizana, ndiponso simungachoke pa chitofu. Pasita wake amakhalanso wofewerapo. Ine ndikakhala ndi malo awiri a moto ndimasankha mapoto awiri.

Ngati tsiku lina muli ndi nyama yosagaya, samalani ndi mbali imene mwagula. Nyama ya mitsempha yambiri, monga ya m'miyendo, m'khosi ndi pachidale, imafuna maola kuti ifewe ndipo si ya Lachiwiri madzulo. Tengani mnofu wofewa, muudule tizidutswa topyapyala mopingasa ulusi wa nyama, mukazinge pa moto waukulu mphindi imodzi mbali iliyonse, muchotse, ndipo mubwezere mumsuzi pomalizira penipeni. Mukauphikira limodzi ndi tomato kwa mphindi 15 umalimba ngati chikopa. Masamba obiriwira ofewa, nsawawa zobiriwira za mufiriza kapena bowa wodula zikhoza kulowa kuti chakudya chikwanire. Bowa akazingidwe limodzi ndi anyezi, masamba alowe pa mphindi ziwiri zomaliza. Nyama ikachepa, chitini cha nyemba zophikaphika chimadzaza mpata bwinobwino.

Pali chenjezo limodzi lokhudza nyama yogaya limene sindingalidumphe. Pa chidutswa chathunthu cha nyama, tizilombo monga E. coli timakhala pamwamba, pamene moto umafika msanga. Makina ogaya amatenga za pamwambazo n'kuzisakaniza paliponse. N'chifukwa chake nyama yogaya iyenera kupsa mpaka m'kati, ndipo nthambi ya zaulimi ya boma la United States imaika muyezo wa madigiri 71. Mtundu wokha si umboni wodalirika, chifukwa nyama ikhoza kuderako isanafike pa kutentha kumeneko. Koma m'kaphikidwe kathu aka musade nkhawa: nyama yophwanyidwa bwino imene yabwata mumsuzi mphindi 10 yadutsa kale muyezowo. Chofunika kusamala ndi manja, mthiko ndi mbale zimene zakhudza nyama yaiwisi, kuti zisakhudze tchizi kapena china chilichonse chodyedwa chosaphika. Nyama yogaya yaiwisi isapitirire masiku awiri mufiriji. Ngati simuiphika m'masiku amenewo, ipite mufiriza tsiku lomwe mwagula.

Funso lanu lachiwiri, la kuphika chambiri: inde, koma muchulukitse msuzi wokha, osati pasita. Msuzi wa nyama umakoma kwambiri tsiku lachiwiri, pomwe pasita wogona mumsuzi amapitiriza kumwa madzi mpaka kukhala phala. Pa tsiku limene muli ndi mpata phikani nyama ya kilogalamu imodzi kapena imodzi ndi theka, mukukazinga pang'onopang'ono monga ndanenera, ndipo poti nthawi ilipo usiyeni msuziwo pa moto wochepa ola lathunthu kuti mitsempha ija isungunuke. Ugaweni m'zigawo za chakudya chimodzi chimodzi. Usakhale panja kupitirira maola awiri chiuphulireni, kapena ola limodzi ngati kunja kukutentha kwambiri. Poto wamkulu wodzaza amachedwa kuzizira pakati, ndiye ikani m'zotengera zosaya kuti uzizire msanga. Mufiriji yozizira madigiri 5 kapena kutsika umakhala masiku atatu kapena anayi. Mufiriza umasungika bwino miyezi itatu. Ndimakonda kuuika m'timatumba ta pulasitiki tosungira chakudya, n'kutiphwatalalitsa ngati buku tisanaume, chifukwa kophwatalala kamasungunuka msanga ndipo sikadya malo. Lembanipo tsiku, poti pakatha mwezi matumba onse amafanana.

Posungunula, tsitsirani thumba mufiriji usiku kapena m'mawa popita kuntchito, osati kulisiya pa tebulo tsiku lonse. Mukaiwala, liviikeni m'madzi ozizira mphindi zingapo kuti limasuke, khuthulirani chigumu choumacho m'chiwaya ndi madzi pang'ono, vindikirani pa moto wochepa. Chimasungunuka pa nthawi yomwe madzi a pasita akuwira. Msuzi ubwate ndithu paliponse musanathiremo pasita, ndipo wotenthetsedwa kamodzi usabwererenso mufiriji kachiwiri. Pa masiku otere chakudya chimafika pa tebulo pa mphindi 15, ndipo chotsuka ndi poto, chiwaya ndi sefa.

Pasita wotsala m'mbale yaikulu musamuderere. Zakudya za sitachi zophika, monga pasita ndi mpunga, zikakhala nthawi yaitali pamalo ofunda zimamera kachilombo kotchedwa Bacillus cereus, ndipo poizoni amene mitundu ina ya kachilomboka imatulutsa saphedwa ndi kutenthetsa. Fungo ndi maonekedwe zimakhala bwinobwino, ndiye mphuno singakuchenjezeni. Zotsala zilowe mufiriji mukangomaliza kudya, osadikira m'mawa. Ngati firiji palibe kapena magetsi athima nthawi yaitali, phikani zokwanira usiku umenewo basi. Zimene zasungidwa bwino muzitenthetse m'chiwaya ndi masupuni atatu kapena anayi a madzi, movindikira, mpaka nthunzi izituluka pakati penipeni. Kapena, ngati muli ndi uvuni, ziikeni m'mbale yosaswekera pa moto, wazani tchizi pamwamba, ndipo zikhalemo mphindi 20 pa madigiri 190 mpaka pamwamba pafiire. Ana ambiri sazindikira n'komwe kuti ndi chakudya cha dzulo.